Kunyowa si chiwerewere, kuuma si chidani

Mayi wina wa ku Mabvuku mumzinda wa Harare, khanda la miyezi inayi lili kumsana, anadikira kuti anzake onse atuluke m'chipinda chopimira, ndiye anandinong'oneza: "Anesi, bambo akunyumba akuti ndasiya kuwakonda. Ndikumakhala wouma, ndipo zikumandipweteka." Sabata yomweyo kunabwera wina amene amuna ake amamunena kuti kunyowa kwakeko ndi umboni woti amayendayenda. Anali atayamba kale kuika zitsamba zogula ku msika wa Mbare Musika kuti aziuma.

Onsewa akuimbidwa mlandu pa zinthu zimene thupi limachita lokha.

Chilakolako chikadzuka, magazi amathamangira kumaliseche n'kudzaza timitsempha tozungulira njira ya abambo. Madzi a m'magaziwo amadutsa khoma la njirayo ngati mmene mtsuko wadothi umachitira thukuta kunja. Amenewo ndiwo madzi amene anthu amawanyoza. Ofufuza William Masters ndi Virginia Johnson a ku St. Louis ku America anaziona ndi maso n'kuzisindikiza mu 1966. Mochedwa chotere! Nkongo nawo, ngakhale dokotala wa ku Italy Realdo Colombo anaulemba m'buku mu 1559, unanyalanyazidwa mpaka dokotala Helen O'Connell wa ku Melbourne ku Australia anaonetsa mu 1998 kuti kooneka kunjako ndi kansonga chabe, mbali yaikulu ili mkati. Nanga ngati ophunzira mankhwala anazengereza choncho, tingawadandaule anankungwi athu kapena atete, azakhali amene amalangiza atsikana kwa anzathu Achishona?

Mayi woyamwitsa uja vuto lake ndi mahomoni. Prolactin, imene imapangitsa mkaka, ikakwera, estrogen, imene imathandiza njirayo kukhala yonyowa, imatsika, ndipo khoma lija limapyapyala n'kuuma. Estrogen imatsikanso chimodzimodzi mayi akasiya kusamba, kawirikawiri ali ndi zaka 45 mpaka 55. Chikondi sichikhudzidwa n'komwe.

Wa zitsamba uja ndiye anandidetsa nkhawa. Kugonana pouma kumang'amba timabala tosaoneka, ndipo pamenepo ndi pamene kachilombo ka HIV kamalowera mosavuta. Kondomu nayo imaphulika msanga. Zoikaikazo zimaphanso tizilombo tabwino timene timasunga njirayo ili yowawasa pang'ono kuti matenda asamere.

Woyamwitsayo ndinamuuza agule mafuta ofewetsa opangidwa ndi madzi ku famase, osati Vaseline, poti imafooketsa kondomu. Ndinamupemphanso kuti tsiku la sikelo adzabwere ndi bambowo, ndidzawafotokozere ndekha.