Sekondale Yatha, Fizi Ichokera Kuti? Mafunso ndi Mayankho pa Nkhani ya Sikolashipu

Chaka ndi chaka ophunzira okhoza bwino amatsala pakhomo chifukwa anamva za thandizo la maphunziro tsiku lotsekera litapita kale, kapena anatumiza mapepala operewera. Ntchito yofunafuna fizi kwenikweni ndi ya kalendala ndi mapepala, ndipo mafunso otsatirawa akuzungulira pamenepo.

Kodi sikolashipu, basale ndi ngongole ya maphunziro n'chimodzimodzi?

Ayi, ndipo musasaine pepala lililonse musanadziwe kuti akukupatsani chiti. Sikolashipu kawirikawiri imatsata kukhoza, kaya m'kalasi, pamasewera kapena pa luso lina. Basale imayang'ana kuchepekedwa kwa pakhomo panu. Ziwirizi sizibwezedwa. Ngongole ndiyo imabwezedwa, nthawi zambiri ndi chiwongoladzanja, ngakhale sukuluyo mutaisiyira panjira. Palinso thandizo lomwe boma kapena kampani imakulipirirani zonse koma mukamaliza muyenera kuwagwirira ntchito kwa zaka zingapo. Mukazemba, mubweza ndalama zawo. Sukulu zina zimalemba zonsezi pa kalata imodzi n'kuika chiwerengero chachikulu pansi pake. Chotsanipo gawo la ngongole, chotsalacho ndiye mphatso yeniyeni.

Ndiyambe liti kufunafuna?

Musadikire zotsatira za mayeso omaliza. Mabungwe ambiri amatseka kulandira mafomu kutatsala miyezi yambiri kuti sukulu itsegulidwe. Ku Britain, wofuna malo ku Oxford, Cambridge kapena maphunziro a udokotala ayenera kutumiza fomu ya UCAS, bungwe lolandira mafomu ofunsira malo ku yunivesite za kumeneko, pofika pakati pa Okutobala, pomwe sukulu idzayamba chaka chinacho. Ku America gulu loyambirira limatseka cha pa 1 Novembala, lalikulu kumayambiriro kwa Januwale. Malo ambiri amalola kuti mutumize magiredi a m'kalasi kaye, satifiketi n'kudzabwera pambuyo. Ngati mwamaliza kale sekondale, chaka chodikiracho ndicho cha ntchito imeneyi.

Nanga ndikazipeza kuti?

Yambirani pafupi: ofesi yoona za thandizo la ophunzira pa yunivesite kapena koleji yomwe mukufunayo, unduna wa zamaphunziro wa dziko lanu, komwe makolo anu amagwira ntchito, mpingo kapena mzikiti wanu. Thandizo laling'ono lotereli silitchuka, choncho olimbirana nawo amakhala ochepa, ndipo mathandizo awiri kapena atatu akaphatikizana amatha kulipira chaka chathunthu.

Kenako maboma a mayiko ena. Türkiye Bursları ya dziko la Turkey imalandira mafomu mu Januwale ndi Febuluwale. Wofuna digiri yoyamba akhale wosakwana zaka 21, ndipo sikolashipuyi imalipira fizi, malo ogona, inshuwalansi ya zaumoyo, tikiti ya ndege, ndalama ya mwezi ndi mwezi komanso chaka chophunzira Chiteki. Ya boma la Japan, yotchedwa MEXT, imadzera ku ofesi ya kazembe wa Japan, komwe mumalemba mayeso ndi kufunsidwa mafunso pamasom'pamaso. Hungary ili ndi Stipendium Hungaricum, yomwe inayamba mu 2013 ndipo imatengera mgwirizano wa dzikolo ndi dziko lanu. Mastercard Foundation Scholars Program, yomwe inayamba mu 2012 pothandiza makamaka achinyamata a mu Africa, simufunsira ku bungwelo mwachindunji: mumadzera ku yunivesite zomwe limagwira nazo ntchito, monga Makerere ku Uganda ndi Ashesi ku Ghana.

Chevening ya ku Britain, yotchuka ija, musavutike nayo panopa. Ndi ya digiri yachiwiri, ndipo imafuna munthu woti wagwirapo ntchito zaka ziwiri.

Ndamva za FAFSA. Kodi ikundikhudza?

Ngati ndinu nzika ya America kapena muli ndi chilolezo chokhalitsa kumeneko, eya. Ndi fomu yaulere ya boma yomwe imatsegula khomo la Pell Grant (thandizo losabweza la ochepekedwa), ngongole za boma ndi ntchito zapasukulu. Wochokera kunja sapeza ndalama za boma zimenezi. Iye amadalira thumba la yunivesiteyo, ndipo zambiri zimafuna fomu ya CSS Profile yofotokoza zomwe banja limapeza. Sukulu zochepa, monga Harvard, Yale, Princeton, MIT ndi Amherst, sizitengera umphawi wanu posankha, ndipo zikakutengani zimakwaniritsa zomwe zawerengera kuti banja lanu silingathe. Kulowako ndiye kovuta zedi, choncho musaike mtima pa izo zokha. Maofesi a EducationUSA, omwe ali pansi pa boma la America, amapereka uphungu pa nkhaniyi m'mayiko ambiri.

Akati "zonse zalipiridwa," ndiye kuti sindidzatulutsa kalikonse?

Werengani mndandanda wa zomwe akulipira, mzere ndi mzere. Fizi ndi gawo chabe. Pali chakudya, malo ogona, mabuku, kompyuta, viza, pasipoti, mayendedwe, ndiponso pokhala pa nthawi ya tchuthi pamene nyumba zogona za pasukulu zatsekedwa. Onani za ku Germany: yunivesite zambiri za boma kumeneko sizilipiritsa fizi, komabe kuti mupeze viza muyenera kusonyeza kuti muli ndi ndalama zodzisamalira chaka chonse, zomwe kuyambira mu Seputembala 2024 zinaikidwa pa mayuro 11,904. Sukulu yaulere yakutali imatha kukhala yodula kuposa yolipira yapafupi yomwe yakupatsani theka la fizi.

Mapepala ofunika ndi ati?

Magiredi a zaka zonse za sekondale odindidwa ndi sukulu, satifiketi, chitupa kapena pasipoti, umboni wa zomwe makolo amapeza, ndi makalata a umboni ochokera kwa aphunzitsi. Ena amafunanso mayeso a Chingerezi a IELTS kapena TOEFL, omwe zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri. Onetsetsani kuti dzina ndi tsiku lobadwa zalembedwa mofanana paliponse. Chilembo chimodzi chosiyana chimatha kuimitsa fomu yonse. Aphunzitsi apatseni mwezi wathunthu, ndipo muwapatse kapepala kowakumbutsa zomwe munachita m'kalasi mwawo. Kalata yolembedwa usiku wa tsiku lotsekera imangoti "ndi mwana wakhalidwe labwino," basi.

Pa chimangirizo chofotokoza za ine, ndilembe chiyani?

Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Owerenga amaona mazanamazana a zimangirizo zoyamba ndi "ndinabadwira m'banja losauka" n'kuthera pa "ndikufuna kutukula dziko langa." Zonsezo zikhoza kukhala zoona, koma sizikusiyanitsani ndi wina aliyense. Sankhani chinthu chimodzi chomwe munachitadi. Mwina munkaphunzitsa masamu ana asanu a kalasi yapansi Loweruka lililonse: nenani kuti mmodzi ankasokonezeka ndi mafulakishoni, munayesa njira yanji, inakanika pati, munasintha bwanji. Mavuto a pakhomo atchuleni mwachidule, ndi zomwe munachita nawo. Yankhani funso lomwe afunsa, ndipo musapyole malire. Pa Common App, fomu yofunsira malo ku yunivesite zambiri za ku America, ndi mawu 650. Zokopera pa intaneti kapena zolembetsa kwa wina zimaululika pa tsiku la mafunso, akakufunsani za chiganizo chomwe simukuchikumbuka.

Wina akuti ndimulipire andipezera sikolashipu yotsimikizika. Ndipereke?

Musapereke. Palibe munthu wapakati amene angatsimikize zomwe komiti yosankha isanagamule, ndipo sikolashipu yomwe simunafunsire simungaipate. Ndalama zovomerezeka zilipo, monga ya mayeso a Chingerezi kapena yofunsira malo, koma zimapita kwa eni ake mwachindunji, ndipo sukulu zambiri zimakhululukira wosowa akapempha. Uthenga ukabwera pa WhatsApp kapena Facebook, musadine linkiyo. Pitani nokha pa tsamba la yunivesite kapena la ofesi ya kazembe mukaone ngati nkhaniyo ilipo.

Andipatsa, koma sizikukwana. Ndingatani?

Lemberani ofesi ya thandizo mwaulemu, mufotokoze ndalama yomwe ikuperewera ndipo muike umboni, makamaka ngati zinthu zasintha, monga kholo kuchotsedwa ntchito kapena kumwalira. Safunsa anadya phula. Funsaninso ngati thandizo lochokera kwina lidzachepetsa lomwe akupatsani, popeza sukulu zina zimatero, komanso ngati thandizolo ndi la chaka chimodzi kapena la zaka zonse, ndi magiredi omwe muyenera kusunga kuti lisadulidwe chaka chachiwiri.