Dedza inkaumba mbiya kalekale mawilo asanabwere

Anthu ambiri akamva za kuumba ku Dedza amangoganiza za Dedza Pottery, fakitale yomwe inatsegulidwa mu 1987 kunja kwa tauni, pang'ono chabe kuchoka mu msewu wa M1. Kumeneko amaumba makapu ndi mbale pa wilo lozungulira, komanso matailosi, kupaka mankhwala onyezimiritsa, kujambulapo njovu, nsomba ndi midzi, kenako n'kuwotcha mu uvuni. Nthambi ina inatsegulidwa m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, komwe alendo amalipira kuti aphunzire kugwira dongo ndi manja awo. Ntchito yake ndi yaluso ndithu, koma wilolo linapeza kuumba kuli kale ndi mizu.

Akatswiri ofukula zakale amawerenga mbiri ya Malawi m'mapale. Ena mwa mapale akale kwambiri a alimi oyamba osula zitsulo amatchedwa Nkope, potengera malo a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, ndipo ali ndi zaka zoposa 1,500. Pambuyo pake kunabwera maumbidwe a Mawudzu, omwe ambiri amawalumikiza ndi a Maravi. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma lomweli la Dedza, komwe kunali likulu la Kalonga, Dr Yusuf Juwayeyi anafukula mapale a mtunduwu ochuluka zedi, pamodzi ndi mikanda yagalasi, mkuwa ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Ndiye kuti pa bwalo la Kalonga ankazidziwa mbale zonyezimira zakunja, koma chophikira chawo chinali mphika wa pompano.

Kumudzi kuumba kunali kwa amayi, mwana wamkazi kuphunzira poonerera mayi kapena agogo ake. Dongo ankakumba ku mtapo, kulinyika, kuchotsa timiyala ndi kulikanda mpaka lifewe. Wilo kunalibe. Mayi ankakweza khoma la mbiya ndi zala, kusalaza ndi chitsononkho cha chimanga, kukulungiza ndi mwala, n'kuiumitsa pamthunzi chifukwa dzuwa limaing'alula. Kuwotcha kunali pabwalo, ndi nkhuni ndi makungwa. Chiwiya chilichonse chinali ndi dzina ndi ntchito yake: mtsuko wa madzi, nkhali yophikira, mbiya ya mowa. Panalinso zosala, ndipo mbiya ikasweka pamoto ankati woumbayo sanadzisunge.

Chomwe chinagwetsa msika wa amayiwa ndi mapoto achitsulo ndi zigubu zapulasitiki, zopepuka ndi zosasweka, osati fakitale, poti ogula ake ndi ena: mahotela, alendo ndi a m'tauni.

Ine ndimaona kuti zionetsero za zoumba zimakondera mbali imodzi. Kapu yonyezimira imaikidwa pa shelefu ndi dzina la wojambula, pomwe mtsuko umagulitsidwa pansi pamsika, mtengo wake wonenerera, woumba wake osatchulidwa. Chonsecho mtsukowo ukadali ndi ntchito yomwe pulasitiki walephera. Dongo lowotchedwa pamoto wa nkhuni limadontha thukuta pang'onopang'ono, ndipo thukutalo likamauma madzi a m'kati amazizira, ngakhale mu Okutobala.