Chithunzi cha agogo chikasalala pa foni

Chikayandikira chikumbutso cha 4 Okutobala, tsiku limene Frelimo ndi Renamo anasainirana mtendere ku Rome mu 1992 pothetsa nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, mabanja ena a ku Angónia ndi ku Macanga, m'chigawo cha Tete, amatulutsa zithunzi zakale. Zaka zino zayamba kudzetsa mkangano. Adzukulu akumazijambula pa foni, n'kuzipaka mitundu ndi kusalaza nkhope kuti aike pa Facebook, pomwe amalume akuti: "Awa si agogo anu, ndi munthu wina."

Zambiri mwa zithunzizi sizinajambulidwe kumudzi. Amuna a ku Tete ankapita kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia (lero Zimbabwe), ena pothawa chibalo, ntchito yokakamiza ya atsamunda. Kwa boma la Apwitikizi, munthu wotere anali dzina ndi msonkho m'kabuku ka caderneta, pansi pa indigenato, lamulo losankha anthu akuda limene linatha mu 1961. Koma akalowa m'situdiyo ku Salisbury (lero Harare), ankasankha yekha maonekedwe ake: jekete, taye, dzanja litaikidwa poti wotchi ioneke, kumbuyo kuli nsalu yojambulidwa nyumba yosanja. Nthawi zina jeketeyo inali ya mwini situdiyo, ndipo ena amati chimenechi n'chinyengo. Ine sindikuona choncho. Chithunzicho chinali kalata yopita kwa anthu osadziwa kuwerenga, youza mkazi ndi mbumba kuti ndili moyo, sindinatchone.

Mabuku 10 a zithunzi za dziko la Mozambique amene José dos Santos Rufino anatulutsa mu 1929 amathandiza wofuna kuona nyumba za boma ndi minda ya atsamunda, koma wakuda amaonekamo ngati wantchito kapena chitsanzo cha mtundu. Umboni wolemera uli kuseri kwa chithunzi cha banja: chidindo cha situdiyo, tauni, chaka, ndi mawu a pensulo.

Chimene chinasintha zonse ndi kuthawa. Nkhondo itakula m'madera amenewa mu 1986, anthu anawolokera ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza, ndipo pofika 1992 othawa a ku Mozambique anali pafupifupi 1 miliyoni m'Malawi. Wothawa usiku amanyamula mwana ndi poto, osati felemu yagalasi. Zopulumuka ndi zing'onozing'ono, zolowetsedwa m'Baibulo kapena zomangidwa m'chitenje. Mzere wopindika pakati pa chifuwa cha agogo unachokera paulendo umenewo. Negetivu inatsala kusitudiyo yomwe inatsekedwa kalekale, choncho pepalalo ndi limodzi lokha. Pulogalamu ya pa foni siidziwa agogowo. Pamene pafufutika imangoikapo maso ndi mano ongopeka, n'kufufuta mphini poziyesa zokandika.

Chithunzi chakale chotere ndi siliva wokhala m'kachikopa ka jelatini, wonga guluu, pamwamba pa pepala. Chinyontho cha dzinja chimafewetsa jelatiniyo n'kuimata pagalasi, ndipo mukakoka, nkhope imatsalira pagalasipo. Chikamatirira, chisiyeni momwemo. Chikasu chimabwera ngati wojambula sanatsuke bwino mankhwala, kapena chifukwa cha utsi wakukhitchini. Musachimate pulasitiki yotenthetsa, chifukwa siichokanso. Chijambuleni pamthunzi, opanda fulashi, foni itayang'ana molunjika, kutsogolo ndi kuseri komwe. Mayina lembani ndi pensulo papepala lina, amalume akutchula okha, ndipo choyambiriracho chisungeni pakati pa mapepala oyera, kutali ndi khoma limene chiswe chimakwera.