Chidole cha mabatire sichiphunzitsa mwana kulankhula

Makolo ambiri timaganiza kuti chidole choimba ndi kuthwanima ndicho chimanola nzeru za mwana, mpaka timachita manyazi wathu akamaseweretsa zitini ndi zitsekerero za mabotolo. Maganizo amenewa ngolakwika.

Kafukufuku wa Anna Sosa wa ku Northern Arizona University ku America, wotuluka mu 2016, anajambula mawu a makolo 26 akusewera ndi ana awo a miyezi 10 mpaka 16. Chidole chikamalira chokha, makolo ankalankhula pang'ono, n'kumayankha mwanayo mwa apo ndi apo. Akagwira buku kapena zidole wamba zopanda mabatire, macheza ankachuluka. Mwanatu amaphunzira kulankhula poyankhidwa ndi munthu.

Taonani mnyamata akupinda waya kupanga galimoto: akuyeza, tayala laguluka, akulimanganso ndi mphira. Kumasanje nako, ana akuumba miphika yadothi, akukangana woti akhale mayi. Mutu ndi manja zonse zili pantchito.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi timabatire tozungulira ngati ndalama yachitsulo. Kamodzi kakatsakamira kummero, kangathe kuwotcha mnofu m'maola awiri okha. Mwana akameza, musamusanzitse, thamangani naye kuchipatala.