Miasma: mawu amene anasocheretsa madokotala a ku London

Angelezi ali ndi mawu akuti miasma, otanthauza chifungo choipa chotuluka m'madambo kapena pa zinthu zowola. Anawabwereka kwa Agiriki m'zaka za m'ma 1600, koma kwa eni akewo nkhani sinali ya mphuno ayi. Miasma kunali kudetsedwa kumene kunkamatirira munthu wokhetsa mwazi, ndipo ankati akapanda kuyeretsedwa, mliri ugwera mzinda wonse. Madokotala a ku Ulaya anawapatsa ntchito ina mawuwo: mpweya wonunkha umene ankati ndiwo gwero la matenda. Dzina loti malaria linabadwira m'maganizo omwewo, pakuti m'Chitaliyana ndi "mpweya woipa". Zoti malungo amayenda ndi udzudzu anadzatsimikiza ndi Ronald Ross mu 1897.

Kumene chikhulupirirochi chinaphetsa anthu poyera ndi ku London. Mu 1846 Edwin Chadwick, mkulu wolimbikitsa ukhondo, anauza aphungu kuti fungo lililonse ndi matenda. Munthuyu ankafuniradi zabwino amphawi, koma taonani kumene anathera. Pofuna kuchotsa kununkha m'nyumba za anthu, analimbikitsa kuti maenje a zimbudzi atsekedwe, zonyansa zizikokolokera m'ngalande mpaka mumtsinje wa Thames. Mumtsinje womwewo ndi mmene makampani ankapopa madzi akumwa. Kolera wa 1848 ndi 1849 anapha anthu oposa 14,000 mumzindawo.

Dokotala John Snow anakana zoti vuto lili mumpweya. Iye ankati matenda otsegula m'mimba ayenera kuti amalowera pakamwa. Mu 1854 kolera atabuka ku Soho, dera lina la mu London, anayenda khomo ndi khomo kufunsa komwe omwalirawo ankatunga madzi, ndipo mayankho ankaloza mjigo umodzi wa mumsewu wa Broad Street. Chomvetsa chisoni n'chakuti madzi a pamenepo anthu ankawakonda, amati ndi okoma. Akuluakulu anavomera kuzula chogwirira cha mjigowo, koma maganizo ake anawakankhira kumbali. Pambuyo pake zinapezeka kuti dzenje lomwe mayi wina ankatayamo madzi ochapira matewera a mwana wodwala linali pafupi kwambiri ndi chitsimecho.

Snow anamwalira mu Juni 1858, asanamveredwe. Miyezi yomweyo kunatentha koopsa, Thames anaphwera, nyansi zinayamba kuwira padzuwa. Nyumba ya Malamulo ili m'mbali mwenimweni mwa mtsinjewo, choncho aphungu ankayenda atatseka mphuno ndi mipango, makatani atawanyika m'mankhwala a chloride of lime. Zimene imfa za amphawi zinalephera kuchita kwa zaka zambiri, mantha a mabwana anachita m'masiku 18 okha: lamulo linadutsa, ndalama zinapezeka. Ine apa ndi pamene pamandiwawa.

Injiniya Joseph Bazalgette anamanga ngalande zikuluzikulu za njerwa zotalika makilomita oposa 130, zotengera zonyansa kumunsi, kutali ndi mzinda. Cholinga chinali kuthamangitsa fungo, koma zinayeretsanso madzi. Mu 1866 kolera anabweranso n'kupha anthu oposa 5,000, makamaka kum'mawa kwa London kumene ngalandezo zinali zisanathe. William Farr, katswiri wa ziwerengero amene kale ankaikira kumbuyo za miasma, analondola imfazo mpaka kukafika pa madzi a kampani imodzi, ndipo anavomera kuti Snow ankanena zoona.