Pangano la Lausanne Silinafikire Aliyense ku Turkey

Zoti Pangano la Lausanne la 1923, lomwe linakhazikitsa malire a Turkey ya masiku ano, linathetsa nkhani ya magulu ang'onoang'ono ku Turkey ndi zabodza, ndipo ndatopa kuzimva. Ndime 37 mpaka 45 za panganoli zimateteza anthu osakhala Asilamu, koma boma lakhala likuwerengerapo Agiriki, Aameniya ndi Ayuda basi. Akurdi ambiri ndi Asilamu, ndiye chitetezochi chinawaphonya. Ndime 42 ya malamulo oyendetsera dzikolo a 1982 imaletsa kuphunzitsa ana m'sukulu chilankhulo china kupatula Chituruki ngati chobadwa nacho. Chikurdi chinalowa m'sukulu za boma mu 2012, koma ngati phunziro longosankha, maola awiri pa sabata.

Nkhani imene imandipweteka mtima ndi ya Aalevi, gulu lomwe mapemphero ndi miyambo yake n'zosiyana ndi za Asilamu ambiri m'dzikomo, omwe ndi a Sunni. Phunziro la chipembedzo n'lokakamiza, ndipo limatsamira kwambiri ku Chisilamu cha Sunni. Mwana wa Mkhristu kapena Myuda amaloledwa kusalowamo. Wa Mualevi ayi, poti amamuwerengera kuti ndi Msilamu. Amakhala pa desiki kuloweza mapemphero a kumzikiti, pamene kwawo amapemphera ku cemevi (nyumba yawo yopemphereramo), amuna ndi akazi pamodzi, saz (choimbira cha zingwe) ikulira. Mu 2007 Khothi la ku Ulaya Loona za Ufulu wa Anthu ku Strasbourg linagamula mokomera Hasan Zengin ndi mwana wake Eylem pa nkhani yomweyi. Mu 2016, pa mlandu wa İzzettin Doğan, linati kukana kusamalira mapemphero a Aalevi pamene mizikiti ikuyendetsedwa ndi ndalama za boma kudzera ku Diyanet (nthambi ya boma yoona za chipembedzo) ndi tsankho. Mu 2022 boma linakhazikitsa ofesi yoona za ma cemevi, koma linaiika pansi pa unduna wa zachikhalidwe ndi zokopa alendo. Chipembedzo cha anthu chaikidwa pamodzi ndi magule.

Tsopano inu ofuna kukadandaula ku khothi la ku Strasbourg mverani apa, chifukwa milandu yabwino imafa kaamba kozengereza. Ku Strasbourg sapitako mwachidule. Muyambe mwamaliza makhothi a m'dzikomo, kenako mudandaule ku Khothi la Malamulo Oyendetsera Dziko ku Ankara pasanathe masiku 30 chilandilireni chigamulo chomaliza. Likakukanani muli ndi miyezi 4 yokha yoti mudandaule ku Strasbourg. Inali 6 kale, inachepetsedwa mu February 2022. Mukachedwa ndi tsiku limodzi, mlandu auponya kunja osauwerenga n'komwe. Ndipo chenjerani ndi akamberembere amene amati "ndipatseni ndalama yolembetsera ku Strasbourg". Khothilo sililipiritsa kalikonse polandira dandaulo, fomu yake ndi yaulere, imapezeka pa intaneti. Chofunika n'kuidzaza yonse, kuisainira, kuikamo makope a zigamulo zonse, n'kuitumiza pa positi nthawi isanathe.