Mamegapikiseli ambiri sathandiza mumdima

Ambiri akamagula kamera yaing'ono yojambulira oimba usiku, amayamba n'kufunsa kuti ili ndi mamegapikiseli angati, kutanthauza mamiliyoni a tizigawo ting'onoting'ono topanga chithunzi. Funsoli n'losocheretsa. Chimene chimasowa m'holo ya zoimbaimba ndi kuwala, ndipo chotolera kuwalako ndi sensa (kachipangizo ka m'kati mwa kamera kolandira chithunzi) komanso khomo la lenzi. Sensa yaing'ono, ngakhale itadzaza mamegapikiseli, mumdima imatulutsa zithunzi za timadontho ngati mchenga.

Taonani kamera ya Sony RX100 V. Mamegapikiseli ake ndi 20 okha, koma sensa yake yaikulupo, ya mtundu wa 1-inch, ndi lenzi ya f/1.8 zimalola kutola chithunzi msanga woimba asanagwedezeke. Nambala ya f imasonyeza kukula kwa khomo la lenzi: ikachepa, khomolo limakula ndipo kuwala kumalowa kochuluka. Mukakokera chithunzi pafupi nambalayo imakwera kufika f/2.8, choncho ndi bwino kusendera nokha kutsogolo.

Fulashi zimitsani, imangowalitsa nkhongo za anzanu.